Laisensi yanga inagona pansi pa chitini cha mabisiketi

Ntchito yanga yoyendetsa lole inatha chifukwa cha chitini cha mabisiketi. Osati ngozi. Osati mowa. Sindinabe dizilo wa munthu. Chitini basi, chija chozungulira chimene amayi ambiri amasungiramo singano ndi mabatani.

Inu amene mumandidziwa pano pa Rumphi mukudziwa kuti sindine wolankhulalankhula. Pa siteji amanditcha wailesi yopanda mabatire. Lero mabatire alowa. Muwerenge mpaka kumapeto, makamaka inu madalaivala anzanga.

Ine ndine Wongani wa ku Njakwa. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyendetsa lole ya amama NyaLuhanga, aja ogula nyemba ndi chimanga ku Hewe ndi ku Bolero. Laisensi yanga inatha m'mwezi wa Epulo. Ndinali nditakonzeka kupita ku Mzuzu kukakonzetsa, koma kunamveka chilengezo choti anthu a ziphaso ochokera ku Lilongwe akubwera okha pa boma. Akhala masiku atatu, Lachitatu mpaka Lachisanu, m'holo ina, kuti ife a kutali tisavutike ndi ulendo. Kuti tisavutike. Mawu amenewo muwasunge. Dzina la ofesi yawo sinditchula. Akudzidziwa.

Amama NyaLuhanga anandiuza mosabisa. "Wongani, Loweruka lole ikunyamuka kupita ku Hewe. Sizoni yayamba. Amene akhale ndi pepala labwino ndi amene agwire chiwongolero mpaka sizoni ithe. Ine zonyengerera apolisi pa msewu ndinatopa nazo."

Sindikuwadandaula amamawo. Lole ndi yawo. Koma ponena mawu amenewa, pa khomo la shedi yawo yosungiramo katundu panali pataima Chakufwa, mnyamata wamkulu amene wakhala akuzungulira lole ija ngati galu pa butchala. Nayenso ndi dalaivala. Nayenso laisensi yake inali itatha. Tonse awiri tinamva, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti mpando ndi umodzi.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo, ndipo ndimakhala nawo mpaka lero. Agogo ali ndi lamulo limodzi lokha. Amati mwana wamasiye alibe womulankhulira, ndiye miyendo yake imulankhulire: afike woyamba. Ku sukulu woyamba. Ku chipatala woyamba. Ku chigayo ndinkafika mwini chigayo asanasukusule. Wotchi alibe, koma tambala asanaganize zolira iwo amakhala akumenya chitseko changa ndi ndodo yawo. Malipiro a lole ija ndi amene amagula mankhwala a mawondo awo. Ndiye tsiku Lachitatu ndodo inalira mwamphamvu kuposa masiku onse.

Ndinapalasa njinga kuchoka ku Njakwa mumdima, mphepo ya ku Nyika ikuluma makutu. Hafu faifi ndinali pa geti la holo. Panalibe munthu, kupatula mlonda wa pamenepo, bambo wa konkuno wovala chikhoti chachitali chofika m'mawondo.

"Monire adada," ndinamupatsa moni m'Chitumbuka.

"Yewo, yewo. Mwalawira chomene. Ndinu woyamba."

Anandifotokozera kuti zoima pa mzere ndi zachikale. Mabwana a ku Lilongwe safuna phokoso. Aliyense aponye laisensi yake yakale m'chitini, akhale pa benchi, adzamva dzina lake. Ndinaponya yanga. Inalira pansi pa chitini chopanda kanthu, kuti ngwe. Ndinamva kukoma. Ndinaganiza kuti pofika teni koloko ndikhala ndili ku shedi ndikuthira madzi m'lole.

Anthu anayamba kubwera. Aliyense ankaponya laisensi yake. Pamwamba pa yanga.

Chilengezo chinati ayamba hafu seveni. Mabwana anafika naini koloko. Anakoka zingwe, anayatsa makompyuta, anamwa tiyi. Wamkulu wawo anali bambo wonenepa bwino, wa tayi yofiira. Ndizingowatcha Bwana Tayi. Mlonda anawapititsira chitini. Bwana Tayi anapisa dzanja, natenga laisensi imene inali pamwamba.

Dzina loyamba kuitanidwa linali la munthu amene anali atangofika kumene, mandasi adakali m'kamwa.

Ndinaganiza kuti alakwitsa kamodzi. Dzanja linabwereranso. Pamwamba. Linabwereranso. Pamwamba. Ndipo amene ankafika mochedwa, teni koloko, leveni koloko, mlonda ankatenga malaisensi awo n'kukawonjezera pamwamba pomwepo. Chitini chinkadzaza mofulumira kuposa mmene chinkatsikira.

Kodi pamafunika sukulu yanji kuti munthu adziwe kuti cholowa choyamba chimakhala pansi? Ngakhale chigayo chimadziwa. Chimanga choyamba kuthira ndicho chimayamba kutuluka ufa. Anthu okhala ndi makompyuta atatu alephera nzeru ya chigayo?

Anthu ena a m'mawa anayamba kung'ung'udza. Ine ndinangoyang'ana. Kuyang'ana ndiyo ntchito imene ndinaphunzira ndili mwana, pamene ndinkakhala kumapeto kwa mphasa m'nyumba za eni ake. Ndinawona kuti mlonda uja ali ndi anthu amene amawapatsa moni nthawi yaitali, dzanja lake n'kubwerera m'thumba la chikhoti. Ndinawona kuti anthu amenewo sankakhalitsa pa benchi.

Thwelufu koloko anatseka kuti akadye. Anabwerako thu koloko. Itangokwana firii, mayi wa pa kamera anatuluka n'kunena kuti netiweki yachoka. Yapita kuti? Akuti sakudziwa. Ibwera liti? Akuti imeneyo ndi ntchito ya ku Lilongwe. Anakhuthula chitini pa tebulo kuti aliyense asake yake. Yanga inali yomaliza kugwa, itamatirira pansi. Bwana Tayi, akupukuta magalasi, anatiuza kuti mawa tilawire.

Tilawire.

Kunyumba ndinawauza agogo kuti mawa ndipita mochedwa dala, kuti laisensi yanga ikakhale pamwamba. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ndayamba kusuta chamba.

"Ku ofesi ya boma ukafike dzuwa litatuluka? Iwe wadwala?"

"Agogo, kumeneko woyamba ndi amene amatsala."

"Palibe malo otero pa dziko."

"Alipo. Abwera kuchokera ku Lilongwe."

M'mawa ndodo inalirabe pa chitseko. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinakhala pa khonde n'kumadikira dzuwa. Agogo ankadutsa apa ndi apo akudzilankhulira okha kuti analera mwana mmodzi yekha, ndipo ameneyonso wasanduka mlesi pa ukulu.

Lachinayi ndinafika kota tu naini. Mabenchi anali atadzaza. Ndinaponya laisensi yanga pamwamba penipeni, n'kuima pafupi kuti ndiione. Galimoto ya mabwana italowa, mlonda anakweza mawu.

"Mvetserani nonse. Dzulo ena anadandaula kuti tikuyambira pamwamba. Mabwana amva. Lero tikutembenuza."

Anakhuthulira mulu wonse m'dzanja, anautembenuza, anaubwezera m'chitini. Anthu a m'mawa anawomba m'manja. Ine sindinawombe nawo. Laisensi yanga inali yabwerera kwawo. Pansi.

Ngati munkadziwa kuti mutembenuza, bwanji simunanene dzulo lomwelo? Munadikira kuti malaisensi onse alowe kaye? Ndipo adada a chikhoti, musaganize kuti sindinaone. Pamene munkatembenuza, dzanja lanu lamanzere linachokera m'thumba. Mulu unabwerera m'chitini uli wonenepa kuposa mmene unatulukira. Anthu anayi oyamba kuitanidwa tsiku limenelo sanali a m'mawa, sanalinso a mochedwa. Malaisensi awo sanadutse pa geti n'komwe.

Cha m'ma leveni mlonda uja anadzakhala pambali panga ngati akupuma.

"Adada, mwatopa. Masiku awiri pa benchi si masewera."

"Yewo."

"Chitini chijatu chimamva njala. Tiyi wake ndi faifi sauzande basi. Chikamwa, chimakumbukira mayina."

Ndinalibe ndalama imeneyo. Imene ndinali nayo inali ya boma yeniyeni, yolipirira laisensi. Koma ngakhale ndikanakhala nayo, ndigule malo anga omwe? Ndinayang'ana nsapato zanga mpaka iye anatopa n'kunyamuka.

Masana netiweki inachokanso, pa nthawi yake yomwe ija. Zikuoneka kuti pa anthu onse a m'holomo, netiweki yokha ndiyo inkasunga nthawi.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene sindichitachita. Ndinaimirira n'kupita pa tebulo la Bwana Tayi. Ndinavula chipewa. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti dzulo ndinali woyamba, lero ndinali womaliza, ndipo masiku onse awiri ndathera pansi. Ndinawauza za lole, za Loweruka.

"Achimwene," anatero osandiyang'ana, "ine ndimaitana zimene ndapeza m'chitini. Za mmene zaloweramo mukafunse achibale anuwo pa geti. Vuto lanu anthu a kuno ndi madandaulo. Takubweretserani ofesi pakhomo, m'malo mothokoza mukutiwerengera zolakwa."

Ndinati chabwino bwana, zikomo chifukwa chobwera. Ndipatseni laisensi yanga, mawa ndilawirire ku Mzuzu. Lachisanu ofesi ya kumeneko ndi yotsegula, ndikhoza kubwerako ndi pepala madzulo.

Apa anakweza mutu. Anaseka.

"Mukawonongerenji ndalama ya basi? Zotsala lero sitibweza. Zigona m'chitini momwemu, mawa tiyambira zomwezo. Munthu woyamba kukhala pa mpando uwu mawa ndinu. Ndakulonjezani ine."

Ndinapemphanso kachiwiri. Anati chinthu chikalowa m'manja mwa boma sichituluka mwachisawawa, pali dongosolo. Anavindikira chitini, anachipereka kwa dalaivala wawo, chinakagona m'galimoto. Laisensi yanga, yokhala ndi nkhope yanga, inakagona kwa eni. Njira ya ku Mzuzu inatsekeka pomwepo, chifukwa popanda yakaleyo kumeneko sakanandimvera.

Inu amene mukuwerenga, mukanatani? Mukanalanda chitini m'manja mwa bwana wa tayi?

Lachisanu ndinafika seveni koloko. Sindinalawire, sindinachedwe, chifukwa sindinkadziwanso kuti nzeru ndi iti. Galimoto itafika, chitini chinatuluka. Ndinadikira kuti chilowe m'holo. Sichinalowe. Mlonda anachitenga n'kuchiika pa mpando wake pa geti. Anthu atsopano anayamba kuponya malaisensi awo. Pamwamba pa aja ogona.

Ndinamuyandikira.

"Adada, lero mutembenuza?"

"Kutembenuza kunali kwa dzulo."

"Koma bwana analonjeza kuti ayambira zotsala."

"Ndiye mukawafunse abwanawo. Ine ndine wa pa geti."

Wa pa geti akuti funsani wa pa tebulo. Wa pa tebulo akuti funsani wa pa geti. Chitini chokha ndicho sichinanditumize kwina.

Ndinalowa. Bwana Tayi anandikwezera dzanja ngati wapolisi woimitsa galimoto. Akuti ndikhale pansi, ndisasokoneze dongosolo, dzina langa lifika. Dzanja lawo linalowa m'chitini. Pamwamba.

Teni koloko Chakufwa anatulukira. Masiku awiri onsewa sanaonekeko. Anabwera atasamba bwino, akununkhira sopo, malaya opisira. Anapereka moni kwa mlonda, moni wautali uja. Sanakhale n'komwe pa benchi. Anangoyedzamira khoma, n'kumva dzina lake. Anajambulidwa, anadinda zala, anatuluka akudzikupiza ndi pepala.

"Awongani, mukadali pano? Kapena mwalembedwa ulonda?"

Anthu anaseka. Si kuti anaseka mwankhanza, anali atatopa, ankafuna choseka. Ine ndinayang'ana pepala lija. Ndinadziwa kuti ndikuyang'ana makiyi a lole.

Thwelufu koloko itatsala pang'ono, ndinaona mayi wa pa kamera akuzula zingwe. Wina ankapinda nsalu ya kumbuyo kojambulira. Kenaka ndinamva dzina langa. Kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu, dzina langa linamveka m'holo imeneyo. Ndinanyamuka mofulumira mpaka chipewa chinagwa.

Bwana Tayi ananditambasulira laisensi yanga yakale.

"Tatseka. Lachisanu timaweruka masana, komanso ulendo wathu ndi wautali. Mupite ku Mzuzu Lolemba."

Ku Mzuzu. Kumene ndinawapempha dzulo lake kuti ndipite.

Ndinagwira laisensi ija, koma iwo sanaisiye msanga. Ankaiyang'anitsitsa.

"Dikirani kaye. Inu mumayendetsa lole?"

Zimene ndinawauza dzulo lake, chipewa chili m'manja, sanamve ngakhale liwu limodzi.

Mawu awo anasintha, anafewa ngati a munthu wofunsira mbeta. Akuti dzulo madzulo anathamangira ku Bolero n'kugula matumba asanu ndi limodzi a nyemba. Akuti kuno n'zotchipa, ku Lilongwe ndi golide, akazi awo amagulitsa pa msika. Koma galimoto ya ofesi yadzaza ndi makina ndi katundu wa anzawo. Kodi sindingawathandize kuwafikitsira matumbawo ku Mzuzu masana omwewo, akakweze basi yaikulu?

Ndinati, "Bwana, laisensi yanga inatha."

Anaseka mpaka tayi inagwedezeka.

"Aaa, achimwene, zimenezo zisakuvuteni. Ndikhala nanu kutsogolo ine. Wapolisi wake uti angatiimitse?"

Werenganinso mawu amenewo. Munthu amene boma linamutuma kudzaonetsetsa kuti tikuyenda ndi mapepala abwino. Munthu amene wandisunga masiku atatu pa benchi. Kunyamula nyemba za amama NyaLuhanga ndilibe chilolezo. Kunyamula nyemba zake, chilolezo ndi iye mwini, atakhala pampando wa kutsogolo.

Ndiyeno ndinakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, shedi ya amama inali yopanda kanthu, yosesedwa, ikudikira sizoni. Chachiwiri, kuyambira mawa lake, matumba ayamba kulowa tsiku ndi tsiku.

Ndinati, "Bwana, ine kuphwanya lamulo ndimaopa. Koma lole yathu imapita ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi nyemba. Musiye matumba anu m'shedi mwathu. Adzakupezani konko."

Sindinaname. Lole imapitadi.

Anakondwa chomene. Anandigwira paphewa. Akuti anthu a ku Rumphi ndi aulemu, ndi ophunzira, ankamva kale mbiri yathu. Anatenga nambala yanga ya foni. Masana omwewo ngolo inabweretsa matumba aja, dzina lawo litalembedwa ndi inki yakuda. Ndinawalandira ndekha. Ndinawaika pa ngodya ya kumapeto kwenikweni, kutali ndi chitseko, pa matabwa abwino kuti asanyowe. Anali oyamba kulowa.

Loweruka m'mawa lole inalira, Chakufwa ali pa chiwongolero. Anakankhira mpando kumbuyo chifukwa ndi wamtali. Galasi limene ndinkalipukuta tsiku lililonse analipotoza kuti ligwirizane ndi maso ake. Amama NyaLuhanga anaima nane pa khomo la shedi mpaka fumbi linatha.

"Si ine, Wongani. Ndi pepala."

"Ndikudziwa, amama."

"M'shedi mukufunika munthu wolandira katundu ndi kusanja. Malipiro ake ndi theka. Ngati ukufuna."

Ndinavomera. Mankhwala a mawondo sadikira sizoni.

Lolemba ndinapita ku Mzuzu. Ndinaima pa mzere wamba, wa anthu, wachikale uja. Madzulo ndinabwerako ndi pepala. Lili m'thumba mwangamu pamene ndikulemba izi. Ndi labwino, nkhope inatuluka bwino. Chimene ndikuyendetsa nalo ndi wilibala.

Chimene chinandipweteka kwambiri si mpando wa lole. Chiyambire Loweruka limenelo, ndodo ya agogo sinalirenso pa chitseko changa. Amadzuka pa nthawi yawo yomwe ija, ndimawamva akutsokomola, akuyenda. Amafika pa chitseko, amaima, amabwerera. Lamulo limene anandilera nalo zaka zonsezi, anthu inu munalithyola m'masiku atatu ndi chitini.

Tsopano mverani za nyemba.

Lole yoyamba kuchokera ku Hewe inabwera yodzaza. Wosanja ndine. Ndinayambira pa ngodya ya kumapeto, monga amasanjira aliyense wodziwa ntchito. Pamwamba pa matumba a Bwana Tayi. Lole yachiwiri, pamwamba. Ya ku Bolero, pamwamba ndi kutsogolo. Pofika pakati pa mwezi mulu unali utagunda malata, ndipo kutsogolo kwake kunali mizere ina mpaka pa chitseko.

Kumapeto kwa mwezi tinapakira lole ya ku Lilongwe. Tinayambira pati? Pamene dzanja likufika.

Foni inalira tsiku lotsatira.

"Achimwene, lole yanu ndaiona pa msika, koma matumba anga mulibe."

"Pepani bwana. Anu anali oyamba kulowa, ndiye ali pansi. Timayambira pamwamba."

Sindikudziwa ngati anamva fungo la mawu ake omwe. Akuti ndiyesetse mwezi wamawa. Ndinati mwezi wamawa tiyambira omwewo, ndakulonjezani ine.

Mwezi wotsatira katundu analowa wambiri kuposa amene anatuluka. Si vuto langa. Chaka chino nyemba zachita bwino ku Hewe.

Anaimbanso, mawu atakwera. Akuti akazi awo analonjeza kale makasitomala. Akuti bwanji osangogwetsa muluwo n'kutulutsa ake? Ndinati zimenezo afunse eni shedi, ine ndine wosanja chabe. Anawaimbira amama NyaLuhanga. Ndinali pomwepo, ndikusoka thumba.

"Adada, ine za m'shedi sindilowerera, mufunse Wongani," anatero amama. "Koma mulu wanga sungagwe chifukwa cha matumba a munthu amene sanalipire ngakhale malo ogona." Atadula foni anandiyang'ana nthawi yaitali. Madzulo ake anandigulira botolo la zakumwa.

Ulendo wachitatu anaimba akukalipa. Akuti ndikudziwa kuti akulankhula ndi ndani? Akuti atumiza munthu adzatenge. Ndinati katundu akalowa m'shedi satuluka mwachisawawa, pali dongosolo, abwere mwini wake. Anayamba kutukwana. Ndinati halo, halo, bwana, netiweki ikuchoka. Inali firii koloko.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuuzani, Bwana Tayi, chifukwa ndine munthu wachilungamo. Nyemba za amama timazithira mankhwala zisanalowe m'shedi. Zanu munabweretsa zosathira, ndipo simunandiuze kuti ndithire. Masana kukakhala bata, ndikatsamira khutu ku khoma la kumbuyo, pa ngodya ija, ndimamva kantchito kakuchitika m'katimo. Anankafumbwe sadikira kuitanidwa dzina. Sapita kokadya thwelufu koloko, chifukwa kudya ndiyo ntchito yawo. Lachisanu saweruka masana.

Wina anena kuti ndachita nkhanza. Nyemba za munthu, akazi ake, ana ake. Ndamva. Nanga mawondo a agogo anga ndi a mtengo? Sindinabe thumba ngakhale limodzi. Sindinapemphe tiyi. Matumba onse alipo, dzina lake likuwerengeka, sananyowe. Ndangotsatira njira imene anabwera nayo okha kuchokera ku likulu kudzatiphunzitsa ife a kutali.

Ndipo musaganize kuti ndakhuta. Matumba asanu ndi limodzi sangabweze sizoni.

Kwa akuluakulu amene munatuma gulu limeneli, ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho pompano pamene aliyense akuona. Ndani analamula kuti malaisensi a anthu aziponyedwa m'chitini ngati makobidi a chopereka? Mlonda wa holo, amene si wantchito wanu, anapatsidwa ndi ndani mphamvu yosankha amene adye ndi amene agone ndi njala chaka chino? Tiyi uja ankathera m'chikhoti mokha, kapena ankafika pa tebulo? Ndi lamulo liti limene limalola wantchito wanu kugoneka laisensi ya munthu m'galimoto mwini wake akuipempha? Nanga lija lakuti bwana akakhala kutsogolo dalaivala safunika pepala, linalembedwa pati? Nkhope za anthu amene anadutsira m'thumba la chikhoti ndikuzikumbukira zonse, ndi tsiku lake. Mukafuna, bwerani mudzandifunse. Kuiwala sindidziwa.

Kwa inu madalaivala a ku Bolero, ku Chitimba, ku Hewe, kulikonse kumene gulu limeneli lidzafike: laisensi yanu isachoke m'dzanja lanu. Imani pa mzere ndi miyendo yanu, dziwani amene ali patsogolo panu ndi amene ali pambuyo panu. Mukaona chitini pa geti, kwerani basi tsiku lomwelo. Munthu akakuuzani kuti wakulonjezani iye, dzanja lili pa tayi, yambani kusaka ntchito ina.

Adada a chikhoti, inu ndi wa konkuno. Timakumana ku msika, timakumana ku maliro. Sindikuchitani kanthu. Ndizingokupatsani moni, ndikukuyang'anani m'thumba.

Bwana Tayi, ndamva kuti mukuganiza zobwera nokha. Bwerani. Msewu mukuudziwa. Mulu utsika sizoni ikatha, ngati amama sagula chimanga china.

Nkhani ya nyembayi ndinawafotokozera agogo sabata yatha. Anamvetsera osaseka. Kenaka analowa m'chipinda, ndinamva zinthu zikukhuthukira pa mphasa. Anatuluka ndi chitini chawo cha mabatani, chopanda kanthu, n'kundipatsa.

"Ukachiike pa khomo la shedi. Akabwera aponyemo chitupa chake, akhale pa benchi."

Chili pa khomo la shedi tsopano. Pali anthu ambiri amene ali ndi katundu m'katimo, ndipo onse ndawauza kuti tsiku limenelo adzabwere ndi zitupa zawo, koma asafulumire.

Mulawire, bwana. Mudzakhala woyamba.

Agogo apempha chinthu chimodzi chokha. Akuti tsiku limenelo ndidzawadzutse ndine.